Parabolika ya abambo

Mvula yamatalala inagwa masana, mphepo n'kupotoza parabolika ya abambo, chimbale chachitsulo chokoka zithunzi chomwe chinali padenga. Televizau inangotsala kulira waa. M'dera lathu lonse ku Lichinga chimbale chinali chathu chokha, ndipo abambo, mlembi wa m'boma, ankachikonda kuposa ife ana awo. Sindikuwanamizira ayi.

Wodziwa kuchilozetsa anali achimwene okha. Koma achimwenewo tinkawabisa m'chipinda chosungiramo mbatata, chifukwa masiku amenewo asilikali ankangotola anyamata m'misewu kupita nawo kunkhondo.

"Atuluke akonze," anatero abambo. "Madzulo kubwera alendo."

"Bambo a ana, kamyau ya asilikali ndaiona kumsika," amayi anatero, kunena chilole chomwe ankatoleramo anyamata.

Abambo anawawomba mbama, mlomo n'kung'ambika. Achimwene atamva, anatuluka okha, kutenga sipanala, n'kukwera padenga.

Ine anandiimika pawindo kuti ndiziona televizau n'kumawauza ngati chithunzi chabwera. Ndinkalankhula monong'ona dala. Abambo anandipotokola khutu. "Kweza mawu, iwe, sakumva." Ndinakweza: chapita, chabwera pang'ono, bwezani kumanzere. Mnyamata wamtali ali chilili pamalata onyowa, msewu wonse ukumuona.

Kamyau inaima pageti. Asilikali sanadikire n'komwe kuti achimwene afike pansi. Anawakoka mwendo pamakwerero, kuwagwetsera m'matope, n'kuyamba kuwasinja ndi matako a mfuti. Ndinamva nthiti ikuthyoka ndili pawindo pomwepo. Amayi anadziponya pamwamba pa mwana wawo, msilikali wina n'kuwaponda pamimba ndi jombo. Abambo anatuluka atanyamula khadi lawo lantchito, akuti ine ndine wa boma. Palibe anawacheukira. Achimwene anawaponya m'kamyau ngati thumba la chimanga, magazi akuchucha m'kamwa.

Nditatembenuka ndinapeza chithunzi chili mbee. Azungu ankasewera mpira.

Alendo anabweradi. Amayi anagona kukhitchini akubuula, ine n'kumaperekera tiyi. Ndinadana ndi abambo tsiku limenelo, ndipo chidanicho sichinathe ngakhale pamaliro awo. Mlendo wina anayamikira kuti chithunzi n'choyera bwino, nafunsa anakonza ndani pambuyo pa chimphepo chija.

"Mwana wanga," anatero abambo. "Watuluka pang'ono."

Achimwene sitinawaonenso.