Gitala Yonyezimira Yopanda Mawu

Tsiku limene anachotsedwa ntchito kufakitale ya magitala, bamboyu anatuluka ndi zinthu ziwiri zokha: ovololo yodzaza utuchi ndi dzina lachipongwe. Ankamutcha Gogoda.

Dzinalo silinabwere chabe. Zaka zisanu ndi zinayi iye ankamata thabwa lapamwamba la gitala, lija lokhala ndi bowo pansi pa zingwe. Makina ankapala matabwawo mofanana ndendende. Koma Gogoda akatola lililonse ankayamba waligogoda ndi chala, n'kuliika kukhutu. Lina linkalira ngati belu, lina linkangoti phu.

"Iwe Gogoda, thabwalo lakupatsa moni?" ankakuwa akapitawo. "Mata tizipita!"

Atayamba kuchepetsa anthu, woyamba pamndandanda anali iyeyo.

Kunyumba sankakhazikika. Akhala pampando, adzuka. Apita pakhomo, abwerera. Agogoda tebulo, agogoda chitseko.

"Abambo, khalani pansi, mukundizunguza mutu," anadandaula mkazi wake.

Alamu ake, achimwene a mkaziyo, anali atamanga kachipinda kuseri kwa nyumba kuti aziwetamo nkhuku. Anamubwereka Gogoda kachipindako, koma sanapsatire mawu.

"Miyezi isanu ndi umodzi, alamu. Ikapanda kutuluka gitala yoti munthu n'kuifuna, nkhuku zanga zikulowa, inu mukutuluka."

Kachipindako ndiko kanali mwayi wake wotsiriza. Kwina koika benchi ndi matchizulo analibe.

Miyezi inayi inathera pa gitala imodzi, ya zingwe za nayiloni, ija amaimba ndi zala. Thabwa lapamwamba analisiya lokhuthala monga ankachitira kufakitale, kuopa kung'aluka. Vanishi anapaka kasanu ndi kawiri mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Abale inu, inali yokongola!

Anathamanga nayo kwa mayi wina, mphunzitsi wa gitala wodziwika ndi khutu lakuthwa komanso pakamwa posabisa. Mayiwo anaimba pang'ono, n'kusiya.

"Mwaiveka bwino, bambo, koma mwaitseka pakamwa."

Kenako anatenga gitala ya wophunzira wawo. "Iyi ndi ya kufakitale. Sindiinyoza, wongoyamba kumene imamukwanira, ndipo zonse zimatuluka zofanana. Nanga yanuyi ikusiyana nayo pati? Ngati mukupikisana ndi makina pa kunyezimira, mwagonja kale."

Zinamupweteka kwambiri. Pobwerera anayenda wapansi njira yonse, osakwera basi, akudzilankhulira ngati wozungulira mutu. Chimene chinamuwawa n'chakuti mayiwo sananame. Thabwalo analigogoda ndithu, ndipo linamuuza kuti likadali lolemera. Koma manja ake anatsatira muyezo wa akapitawo aja amene anamuchotsa ntchito.

Inatsala miyezi iwiri. Anakanda vanishi yense, n'kutsegula gitalayo. Anayamba kupala thabwa ndi timitanda ta m'kati, pang'onopang'ono. Apala, agogoda, amvetsera. Apala, agogoda.

Koma mtima wa phuma sunamusiye. Tsiku lina alamu anaunjika zodyera ndi zomwera nkhuku pakhomo pa kachipindako. Gogoda anakankha tchizulo mwaukali, thabwa lija n'kuti ng'aa!

Anakhala pansi mu utuchi, manja kumutu. Mkazi wake anasuzumira.

"Mwalira mokwanira? Paja muli ndi thabwa lina kuseri kwa benchiko. Kapena mukusungira nkhuku?"

Gogoda anaseka misozi ili m'maso, n'kudzuka.

Thabwa lachiwirilo sanaliyeze ndi muyezo wa munthu wina. Mbali yolimba anaipala kwambiri, mbali yofewa anaisiya. Litayamba kulira ngati belu, anaika tchizulo pansi, ngakhale manja ankamuyabwa kuti apalenso. Vanishi anapaka wochepa, ndi kansalu. Gitalayo sinanyezimire ngati poyamba, ndipo pambali panatsala chipsera cha pamene anatsegulira.

Tsiku lomaliza anapiye anafika m'makatoni, ali tsiyetsiye pakhomo. Gogoda anali atachonderera mphunzitsi uja kuti abwere adzamve. Ola linadutsa. Iye anali uku, anali uko, kumsewu katatu konse.

Mayiwo atafika anakhala pampando wodzaza utuchi, osaupukuta n'komwe. Anatenga gitalayo n'kukhudza chingwe chake chokhuthala kwambiri. Mawu anadzaza kachipinda konse, n'kukhalitsa m'mwamba osafuna kutha. Anaimba motsitsa, gitala inanong'ona. Anaimba mwamphamvu, inayankha osasasa mawu. Nyimbo itatha anayamba ina.

Alamu anatsokomola. "Pepani mayi, anapiyewa alowe kapena ayi?"

Mayiwo sanadzutse n'komwe mutu. "Gitala iyi sindibweza, ndaitenga. Ophunzira anga awiri aposa msinkhu wa magitala a kufakitale, akufunanso zawo. Nkhukuzo muzipezere kwina, achimwene."

Alamu anakanda m'mutu, n'kunyamula makatoni awo kupita nawo pakhonde. Mpaka lero amauza aliyense kuti luso la Gogoda analiona ndi iwo poyamba!

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakusekani chifukwa cha chinthu chimene mumachimva nokha. Mwina munayesa kamodzi, munachita motengera omwe anakukanani, ndipo zinang'aluka m'manja mwanu. Lirani, palibe cholakwika. Mukatha, dzukani mukaone kuseri kwa benchi, thabwa lina lilipo. Musataye mtima, ligogodeni, ndipo ulendo uno mulimvere.