Mavoti awiri a wosoka nsapato

Pakhonde la sitolo ya zitsulo pamakhala wosoka nsapato wina amene aliyense amamutchula kuti a Chakachanji. Dzinalo anadziputira okha. Ukawapatsa nsapato yothyoka chidendene, amayamba akufunsa kuti nkhondo yakutiyakuti inatha m'chaka chanji. Ukalephera amapukusa mutu, ngati kuti nsapatoyo yathyoka chifukwa cha umbuli wakowo.

Sukulu analekezera Fomu 2. Masamu anawakana, Chingerezi chinawalavula, koma histole ankaimeza osatafuna. Kope lawo la nthawi imeneyo analisunga m'bokosi la ulusi ndi singano kwa zaka makumi atatu, mpaka linayamba kununkha guluu.

Mwana wawo wamkazi atalowa Fomu 3, mkuluyu anaona kuti kope lija lapeza mwini. Tsiku lililonse mwanayo akaweruka, ankamukhazika pabenchi ya makasitomala n'kumamuloweza mayina ndi zaka, nyundo ikugunda pansapato. Iye ankangoti, “Inde bambo.”

Zotsatira za mayeso zinabwera pamodzi ndi kalata ya ahedi yoitana makolo kuti akavote: kodi histole ikhale phunziro lokakamiza, kapena mwana azisankha yekha? Sayansi mwana uja anakhoza, masamu anakhoza, koma histole anagwa chagada. A Chakachanji anaika nyundo pansi n'kutenga pepala la mayeso. Pamene iwo anamuphunzitsa kuti mtsinje waukulu anautulukira ndi mlendo wina wochokera kutali, aphunzitsi analemba ndi inki yofiira kuti, “Nanga amene ankasambamo?” Anthu amene kope lawo limati zigawenga, aphunzitsi anawakonza kuti omenyera ufulu.

“Kodi zinthu zimene zinachitika kale zimasinthanso?” anafunsa mutu utaima. “Anthuwa si anafa?”

“Mayankho a m'buku lathu ndimawadziwa, bambo,” mwanayo anayankha atazolika. “Koma ndikangogwira cholembera ndimamva mawu anu. Chonde mukavote kuti tizisankha tokha. Ikakhala yokakamiza indiwonongera satifiketi.”

Mawuwo anawalasa mtima. Tsiku limenelo anamata soli ya kumanzere pansapato ya kumanja.

Loweruka makolo anadzaza holo ya pasukulu, mawondo atapanikizika m'madesiki a ana. Namwino wina anaimirira n'kunena kuti palibe bwana amene anamufunsapo dzina la mfumu yakale, ana aphunzire zowapatsa ntchito. A Chakachanji anagwedeza mutu kuvomereza. Kenako dalaivala wa basi anati galimoto yopanda galasi loonera kumbuyo siichedwa kugunda. A Chakachanji anagwedezanso mutu, mwamphamvu kuposa poyamba.

“Ofuna kuti ikhale yokakamiza, manja m'mwamba,” anatero ahedi.

Dzanja lawo linakwera lokha, osawafunsa n'komwe.

“Ofuna kuti mwana azisankha yekha.”

Apa anaona nkhope ya mwana wawo pawindo, pakati pa anzake amene ankasuzumira. Dzanja lija linakweranso.

Ahedi anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi. “Makolo mulipo 61, koma uku 31, ukunso 31. Wina watipatsa manja awiri.”

A Chakachanji anaimirira. Holo yonse inafa nacho chiseko.

“Sankhani kumodzi, bambo,” anatero ahedi. “Nkhani yonse yatsalira inu.”

M'malo moyankha, iwo anatembenukira kwa aphunzitsi a histole, mayi wochepa thupi amene anakhala pakona.

“Mayi, ine zimene ndinaloweza akuti ndi zolakwika. Nanga zimene mukuphunzitsa lerozi zikadzasinthanso, mwana wanga adzamuuza ndani?”

“Mwana wake, bambo,” anayankha mayiwo mofatsa. “Ngati adzakhale akuziphunzira.”

Chiseko chija chinatha. A Chakachanji anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, pawindo pokha ndi pamene sanayerekeze kuyang'ana.

“Ikhale yokakamiza,” anatero.

Ena anaomba m'manja, ena anang'ung'udza. Dalaivala uja anabwera kudzawagwira chanza, koma iwo sanamve n'chimodzi chomwe cha zimene ankanena. Potuluka anapeza mwana wawo ali kale pageti. Anamuitana koma sanacheuke. Anawoloka msewu n'kumayenda tsidya linalo, ndipo njira yonse mpaka kunyumba bambo ake ankamulondola chapatali, osadziwa ngati amuthandiza kapena amuphera tsogolo.