Njerwa Zosagawika za a Dyson

Kwa Kaduya ukatchula a Dyson, anthu amayamba alavula kaye. Bambowa anachokera kwa Mkhumba kudzakhala chikamwini kwa mayi Lenia, atanyamula malaya awiri ndi buku la masamu lopanda chikuto. Sukulu anailekera Fomu 3, koma kayendedwe kawo ungati yunivesite anamanga ndi iwo. Khasu akuti linkawapweteka msana. Pensulo ndiye ayi.

Pa zaka khumi ndi ziwiri, ntchito imene anaigwirapo ndi kuwerenga njerwa. Lenia kuponda dothi, kuumba, kusenza nkhuni zootchera. Iwo phee pamthunzi, kumalemba. Zitapsa zinakwana 10,007.

Chaka chomwecho Lenia anatopa. Anaitana malume ake, a Mcdonald, omwe anali ankhoswe, nati munthuyu azipita kwawo. Nkhani sinatalike: njerwa zigawidwe mofanana, mkamwini atenge zake, auyambe. A Dyson kwa Mkhumbako analibe munda ngakhale khonde logonapo. Anapempha masiku atatu, n'kubwera akumwetulira.

“Malume, mwati mofanana, eti? Nambala iyi sigawika. Ophunzirafe timati pulayimu. Pawiri, itsala imodzi. Muikepo mwana wathu Fyness, patatu, zitsala ziwiri. Yesani paliponse, pokhapokha mupeze anthu 10,007, aliyense yake. Ine sindisuntha mpaka chilungamo chioneke.”

“Yotsalayo tengani inuyo,” anatero a Mcdonald.

“Ndisanduke wakuba ine? Chigamulo ndi chanu chomwe.”

A Mcdonald anapalasa njinga mpaka kwa Migowi kukafunsa mphunzitsi wa masamu. Anabwera atagwa nkhope: mlesi uja sananame, nambalayo imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha basi. Miyezi itatu a Dyson anadya nandolo za Lenia, akulondera uvuni kuti pasasowe ngakhale chibenthu. Kulondera koteroko mbuzi za pakhomopo sizinakuonepo.

Loweruka lina abale atasonkhananso, Lenia sanakhale pamphasa. Anapita pauvuni, nasolola njerwa imodzi, nalunjika nayo kuchimbudzi. Aliyense anamva: phuvu!

“Bambo a Fyness, tawerenganinso.”

“Mayi iwe, wapha nambala yosowa!”

“Kaivuuleni ngati mukuifuna. Malume, 10,006 pawiri ndi zingati?”

Anayankha ndi a Dyson omwe, pakamwa patawathawa: “5,003.”

Dzuwa lisanapendeke, alongo ake a Lenia anali atakhuthula gawo la a Dyson m'mbali mwa msewu, buku lija pamwamba. Ngolo anabwereka okha, mosanyinyirika.

Lero a Dyson amagona pakhonde la sitolo kwa Migowi. Aliyense wodikira minibasi amamuuza kuti 5,003 nayonso ndi pulayimu, sigawika. Anthu a m'mbali mwa msewu uja sanamve zimenezo. Njerwazo anazigawana bwinobwino, ena mpaka anamangira makola a nkhumba.