Tinkadika Mdzukulu Wanga Ali Panyanja

Mzungu wa fodya amene anali ndi famu kuseri kwa Sinda anagulitsa zonse pamene Chitaganya chinkapita kothera, nati akubwerera kwawo ku Ulaya. Akanapita yekha ndikanangoti ayende bwino. Koma anatenga mdzukulu wanga, mwana woyamba wa mwana wanga wamkazi, amene ankamuphikira. Akuti dona wake sakanatha kudya zophika munthu wina. Dona wamkulumkulu, manja onse awiri ali nawo!

Mdzukulu wangayo anali mnyamata wamkulu, ndevu zitamera, koma wosakwatira. Anabwera kudzatsanzika atavala jekete la mzunguyo, manja a jeketelo akumubisa zala.

"Mkazi wanga, ndapita," anatero, poti ndi mmene tinkaseweretsana. "Ndikakugulirani mano ku Ulaya."

"Amuna anga, mano asiyeni. Mukwera chiyani?"

"Sitima ya pamadzi, ambuya. Lole itisiya ku Beira kwa Apwitikizi."

"Nanga ndege zija zimatisokosa mmwambamu zatha?"

Anaseka. Akuti bwana ali ndi mabokosi ambiri, galimoto, ndi agalu awiri, ndiye ndege singanyamule. Ndinafunsa kuti pa ndege amafika liti. Akuti kugona kamodzi kapena kawiri. Nanga pamadzi? Akuti mwina mwezi, mwina kupitirira, zimatengera madoko amene sitimayo ikuima.

Mtima unandiwawa pomwepo, ndipo sunali wa kulira ayi, unali wa ukali. Mzunguyo anaganizira agalu ake. Sanaganize kuti kwathu munthu akakhala paulendo, otsala amadika. Mwana wosakwatira akachoka kupita kutali, bambo ake ndi mayi ake amagona mphasa ziwiri mpaka amve kuti wafika, ndipo bamboyo sayenera kupita kwa mkazi wina aliyense. Akalakwitsa, amamudula mwanayo ali komweko: chifuwa chimamugwira, amatsokomola, miyendo imatupa, ena osadzuka. Ndiwo mdulo umenewo. Kudika kwa masiku awiri, ngakhale chitsiru chimakwanitsa. Koma mwezi? Mkamwini wanga, bambo wa mnyamatayo, ndinkamudziwa ine.

Lole itangonyamuka, ndinapinda mphasa yanga ndi kukaiyala m'nyumba mwawo, pakati penipeni. Mkamwini anakagona kukhitchini. Sanandiyang'ane, poti mpongozi sayang'anidwa kumaso, koma anayankhulira khoma.

"Auzeni apongozi kuti ife ndife anthu a mpingo. Mwana tamupempherera."

Inenso ndinayankhulira mtondo umene unali pakhonde. "Auzeni kuti apemphere ali kukhitchini komweko. Mulungu amamva ngakhale muutsi."

Usiku sunkandivuta, ndinali pomwepo. Chovuta chinali masana. Mwamuna akati ndikupita kudimba, kodi dimba lili ndi pakamwa loti lingakuuze? Ndinkatenga kakhasu kanga ndi kumutsatira patali, nkukakhala pachulu ngati ndikukumba mankhwala. Akati ndikukagulitsa mtedza ku Katete, njinga inkapezeka yaphwa, pampu osaoneka. Pampuyo inali m'nkhokwe mwanga pansi pa chimanga. Anaifunafuna mpaka kudenga, akutukwana ana a eni ake. Ine ndikungosenda nyemba.

Mwana wanganso sindinkamukhulupirira. Ndinamubala ndine, ndikudziwa kufewa kwa mtima wake. Mwamuna akangotsokomola kukhitchini, iye ankadzuka kuti akamupatse bulangete. Ndinkati, "Khala pansi, ndikapereka ndine."

Awiriwo anandiitanira mkulu wa mpingo. Anabwera atavala tayi dzuwa likuswa mtengo, nakhala pampando, nayamba kundiuza kuti zimenezi ndi zachikunja, kuti nyanja anailenga ndi Mulungu ndipo sitima imayenda ndi makina. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinamufunsa kuti pamene mwana wake anapita ku migodi ya ku Joni, amayi a mwanayo anakagona kwa achemwali awo chifukwa chiyani. Anati kunali nsikidzi. Anamwa thobwa lake mofulumira, napita.

Mwezi unafa, wina unaoneka. Mtedza tinamaliza kukumba. Mwana wanga anasiya kundiyankhula zambiri, ankangondiikira chakudya ndi kutembenuka. Ndinkamva akazi kuchitsime akuti nkhalamba ija ikupasula banja. Ndinkawayang'ana mmodzimmodzi. Panalibe amene mwana wake anali pamwamba pa madzi opanda tsidya.

Tsiku lina mkamwini anabwera kuchokera kusukulu akuyenda ngati walandira mphatso. Anaima pabwalo ndi kuuza mkazi wake mokweza kuti ndimve. Akuti aphunzitsi awerenga m'nyuzipepala kuti sitima imene bwana ananena kuti akwera yafika ku Ulaya bwinobwino.

"Auzeni," ndinatero, "kuti nyuzipepalayo yatchula sitima. Kodi yatchula mwana?"

Mwana wanga ndiye anayankha. "Amayi, mwatitopetsa. Sitima yafika, mwana ali m'sitimamo. Mukufuna abwere yekha adzakuuzeni?"

"Aphunzitsiwo amamwa mowa ndi amuna akowa."

"Kwa inu aliyense ndi wabodza! Akulu a mpingo abodza, aphunzitsi abodza, ine wabodza. Woona ndinu nokha padziko pano?"

Analowa m'nyumba, natulutsa mphasa yanga, naiponya pabwalo anthu akuona, nkhuku nkubalalika. Mwana amene ndinamuyamwitsa m'chaka cha njala. Sindinatole mphasayo. Anakandiikira ku nyumba kwanga ndi mkazi wa pafupi.

Kutacha ndinamanga nsalu m'chiuno ndi kuuyamba wa ku Katete wapansi. Ndinkafuna dalaivala wa lole imene inawanyamula, poti ndiye yekha anawaona ndi maso kudoko. Ndinagona kwa abale panjira, miyendo itakana. Ndinamupeza kuseri kwa sitolo ya Mmwenye akupakira matumba a mtedza. Sindinamuuze chimene ndinkafuna kumva, chifukwa munthu ukamuuza amakupatsa chomwecho. Ndinangoti, "Bambo, munawasiya bwanji azungu aja?"

Anaseka mpaka kugwira tayala. "Ambuya, musandikumbutse! Agalu aja analibe mapepala a jekeseni. Apwitikizi anakana kuwakweza. Dona kulira, bwana kutukwana, sitima nkunyamuka iwo akuiyang'ana chonchi. Ndinawasiya kuhotela akudikira ina."

"Inayo inabwera liti?"

"Aa, zija sizibwera ngati basi. Ndinamva kuti anakhala ndithu. Panopa ndiye ali pakati pa madzi."

Sindinamukhulupirire nthawi yomweyo. Ndinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa litapendeka, iye atamwako, ndipo ndinamufunsanso ngati ndaiwala. Ananena zomwezo, agalu omwewo, hotela yomweyo.

Ndinabwerera ndikuthamanga mmene nkhalamba ingathamangire. Nditalowa m'mudzi ndinaona bulangete la mkamwini litayanikidwa pachingwe pamodzi ndi la mkazi wake. Kukhitchini kunali kosesedwa, nkhuni zitabwerera pamene iye ankagona. Ndinaima pabwalo ndi kunena zimene dalaivala anandiuza, ndipo tsiku limenelo mkamwini ndinamuyang'ana kumaso, mwambo ndinauika pambali. Iye anayang'ana pansi. Mwana wanga anakhala pansi pomwe anaimapo, nagwira pakamwa.

"Amayi, sitinadziwe."

"Simunafune kudziwa."

Mkamwini anabwerera kukhitchini yekha madzulo amenewo, popanda womutuma. Koma chingwe chikaduka, kumanga mfundo sikuchibwezera mmene chinalili, ndipo iwo ankadziwa.

Uthenga unafika mvula yoyamba itagwa, kudzera kwa mzungu amene anagula famu ija. Akuti mnyamata anatsika sitima atamunyamula, chifuwa chitamugwira masiku omaliza a ulendo, ndipo anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Akuti ndi mphepo yozizira ya kunyanja. Mkulu wa mpingo anati ndi mphepo. Aphunzitsi anati ndi mphepo, anatchulanso dzina lake la Chingerezi. Onse anakondwa nayo mphepoyo, poti mphepo siikhala pabwalo kuti uifunse. M'sitimamo munali anthu odzaza, ndi dona yemwe, ndi agalu omwe. Mphepoyo inasankha mwana mmodzi yekha, wa nyumba imene inataya mphasa yanga?

Anachira, akuti, koma madokotala akumeneko anamuuza kuti chifuwa chakecho asachiyesenso ndi ulendo wautali. Kaya ananenadi madokotala, kaya ndi dona amene sanafune kutaya womuphikira, ine sindinaliko. Chimene ndikudziwa nchakuti sanabwerenso. Anakwatira komweko, ali ndi ana amene sadziwa kumene kuli Sinda.

Mkamwini anandimangira nyumba yatsopano chaka chotsatira, osamupempha, denga lake la udzu wosankha. Ndinalowamo, poti yakale inkadontha. Mwana wanga amabwera mmawa uliwonse kudzandisesera, ndipo timayankhulana za nkhuku, za mvula, za maliro. Akayamba kuti, "Amayi, za mwana uja," ndimamutuma madzi.