Tsinde Limene Ndinkadula Mobisa

Apongozi anga aamuna anali ndi chomera china kuseri kwa nyumba yathu ku Edmonton, kumpoto kwa London, chimene ine sindinachikondepo. Mbewu zake anawatumizira mnzawo wa ku Amereka, amene anathawa naye limodzi kuchoka ku Malawi kalekale. Akuti kumeneko chimamera chokha m'zigwa za udzu zopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mbewuzo anazisakaniza ndi mchenga wonyowa n'kuziika m'firiji miyezi iwiri, pambali pa mkaka wa ana. Ati sizimera zisanagone m'chisanu. Ine ndine nesi, zogonekedwa m'firiji ndimazidziwa, sizidzuka. Izi zinadzuka.

Masamba ake ndi aakulu, okhakhala, ong'ambikang'ambika ngati zikhatho. Sagonera dzuwa monga amachitira masamba anzawo ayi. Amaima chilili, ataloza kumpoto ndi kummwera, onse mofanana ngati wina wawalamula. Nyengo yozizira chinkauma n'kuda bii, ine n'kuti eya, chafa. Kukangoyamba kufunda, icho chatulukira pomwepo. Apongozi ankati mzu wake umatsika kupitirira pamene amalekezera adzukulu okumba manda. Ankanena zimenezi akuseka.

Koma maluwa osachita. Zaka zinayi, masamba okhaokha.

Madokotala atawapeza ndi matenda m'mafupa, apongozi anandiuza tsiku lina ndikuwapatsa mankhwala kuti, "Musade nkhawa, mayi. Ine sindichoka ndisanaone duwa lija." Mwamuna wanga anakulira konkuno, Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chingerezi. Iye anaseka n'kupita kuntchito. Ine sindinaseke. Ndaonapo odwala akudikira mwana wochokera kutali, mwanayo kungolowa pakhomo, iwo n'kutsirizika. Komanso m'nyumba monsemo, munthu amene ndinkacheza naye m'chiyankhulo changa anali mkulu ameneyu basi. Ndinkaopa kutsala ndekha.

Chaka chomwecho chomera chija chinatulutsa tsinde. Abale inu, kukula kwake! Pasanathe mwezi linandipitirira, kunsonga kuli timaluwa tosamasula tobiriwira. Linaima pazenera la chipinda cha apongozi, ndipo mphepo ikawomba linkagogoda pagalasi, go, go, go. Masana ena iwo atagona tulo ta mankhwala, ndinatenga sizasi ya kukhitchini n'kulidula m'munsi. Panatuluka utomoni womata, wonunkhira ngati lubani. Ndinasamba m'manja katatu, fungo osachoka. Tsindelo ndinalipindapinda n'kulikankhira pansi penipeni m'bini. Atadzuka ndinanamizira nkhandwe, poti kuno zimayenda m'mipanda ngati agalu.

Iwo anangoti, "Nkhandwe za ku London zili ndi mano akuthwa."

Chaka chachiwiri matsinde anatuluka awiri. Ndinadula onse, ndinati ndi mphepo. Apa n'kuti apongozi atasiya kutsika pabedi. Thupi linatha, kutsala maso okha. Akabuula tinkamva tili m'chipinda cham'mwamba, ndipo dokotala ankatuluka akupukusa mutu, kudabwa kuti mkuluyu akugwirira chiyani. Ine ndinkadziwa. Nesi wathunthu, wa mapepala ake, kumalimbana ndi chitsamba! Manyazi ndinali nawo. Koma nanga sanali moyo?

Chaka chachitatu matsinde anali asanu, ataima mondondozana pazenera ngati anthu odzazonda matenda. Ndinadikira mpaka apongozi atagona, ndinatuluka ndi sizasi yanga. Nditangogwira tsinde loyamba ndinamva go, go, go. Ndinayang'ana m'mwamba. Nsonga zonse zinali duu, mphepo kunalibe. Kugogodako kunkachokera m'kati. Apongozi, munthu amene kwa miyezi sankatha kutembenuka yekha, anali atakhala tsonga, chala chili pagalasi, akundiyang'ana.

Ndinalowa m'chipindamo sizasi ili m'manja, ndinaiwala n'kubisa komwe.

"Khalani pansi, mayi," anatero. Sanakalipe. "Ndinakuonani chaka choyamba chija. Ndinakhala chete chifukwa nanenso ndinkachita mantha. Chaka chatha ndinakusiyani chifukwa amene munkaopa ndinu. Koma tsopano ndatopa, mwana wanga. Zikupweteka kwambiri. Lisiyeni limasule."

Ndinagwada pambali pa bedi n'kulira ngati kamwana. Ndinafuna kuwauza kuti maluwa sapha munthu, koma ndikananena bwanji, ine amene ndinadula zaka ziwiri?

Panapita masabata awiri. Tsiku lililonse ndinkadzuka n'kusuzumira, timaluwa tija tikufufuma. Kenaka m'mawa wina limodzi linamasula, lachikasu, ngati mpendadzuwa waung'ono. Katani inali yotseka ndipo m'nyumba munalibe wina amene analiona. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo nthawi yaitali.

Ndinatsegula katani ndi manja anga, n'kuwatsamiritsa pa mapilo kuti aone bwino. Anayang'ana osaphethira. Atatero anandiuza kuti ndimuimbire mwana wawo abwere kuchokera kuntchito.