Vwende la a Nasakala ndi pepala la zidindo ziwiri

Amene ankadutsa pa boda ya Mchinji m'zaka zoyamba za matipate akuwakumbukira mayi wamfupi, wa mawu omveka mpaka ku Mwami kutsidya la boda, amene ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi poima malole. Dzina lawo la ubatizo linali Luwiza, koma aliyense ankangoti a Nasakala. Ankagulitsa mavwende odula kale, beseni lili pambali. Ukagula chibenthu unkadyera pomwepo, njere n'kulavulira m'besenimo. Dalaivala wina wa ku Chipata atalavulira pansi, anamutoletsa imodziimodzi anzake akufa nako kuseka.

"Ndakugulitsa vwende, bambo iwe, sindinakugulitse mbewu!" anatero a Nasakala.

Njerezo ankazitsuka, kuziyanika, kuzisakaniza ndi phulusa n'kuzisunga m'chikho chachikulu. Mbewuyo anaitenga kwa mayi awo ku Kachebere popita ku chitengwa. Vwende lake linali laling'ono, la mizeremizere, losakongola m'pang'ono pomwe, koma lotsekemera mpaka pa khungu. Aukali choncho, wobwera kudzapempha mbewu mwaulemu sankamumana, ndipo sankalandira ngakhale tambala.

Chinthu chimodzi chokha ankachiopa mayi ameneyu: pepala la chidindo. Kalelo mwamuna wawo, malemu a Dickson, anali ndi munda waukulu wa makolo. Tsiku lina kunabwera anthu a galimoto ndi pepala lotere, n'kunena kuti malowo tsopano ndi esiteti ya fodya. A Dickson anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha, koma paliponse ankawaonetsa chidindo chomwecho. Anamwalira atangotsala ndi kadimba ka kudambo, ndipo kadimba kameneko ndi komwe kanalera ana asanu.

Chaka cha 1998 m'madimba munagwa matenda. Masamba a mavwende ankachita chikasu n'kukwinyika, zipatso n'kumafota zili zazing'ono. Amene anagula mbewu za m'mapaketi analira onse. Koma dimba la a Nasakala linali biriwiri ngati palibe chachitika. Mbiri inamveka, ndipo kunabwera mzungu wina ndi Mmalawi womumasulira. Anagwada m'mizere, anajambula masamba, kenako anapempha njere pang'ono. A Nasakala anawatapira dzanja lodzaza, n'kuwaonjezera mavwende awiri akuti azikadya panjira. Anasangalala mayiyu sabata yonse kuti vwende lawo lakwera ndege iwo asanaikwerepo.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Unali mwezi wa Epulo, mvula itangoleka, mavwende a chaka chatha atatha kalekale, mbewu yonse ili m'chikho kudikira dimba. Masana ena kunyumba kwawo kunafika Vitus, mwana wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito yolembera madalaivala mapepala a katundu pa kasitomu ya pa boda. Anafika thukuta kamukamu, pepala lili m'manja.

"Azakhali, khalani pansi," anatero Vitus. "Lero kwadutsa lole ya makatoni a mbewu. Pa mapepala ake ndaona mawu akuti Mchinji, ndiye ndajambulitsa tsamba limodzi. Mukuwakumbukira alendo aja munawapatsa njere?"

"Ndiwaiwale bwanji? Ali bwino?"

"Ali bwino kwambiri. Akuti m'vwende lochokera kuno anapezamo kanthu kosaoneka ndi maso, kamene kamalimbana ndi matenda aja. Anakachotsa n'kukalowetsa m'mavwende ena. Ndiye kampani yawo inalembetsa ku boma kuti zimenezo ndi zake. Munthu wina asagwiritse ntchito popanda chilolezo, akatero ndi mlandu."

A Nasakala anangoti kukamwa yasa. Anamuyang'ana Vitus, anayang'ana pepala, anayang'ananso Vitus.

"Zake? Zake za ndani? Vwende limakhala ndi mwini wake kutsidya la nyanja, munthu woti sanagwirepo khasu m'dambo muno? Dzina langa lili pati pamenepo?"

"Palibe, azakhali. Pangolembedwa Mchinji basi."

"La mayi anga?"

"Palibenso."

Mayiyo anagwira pamtima. Mawu aja omveka mpaka ku Mwami anatuluka ngati a mwana wodwala.

"Chidindo chilipo?"

"Zilipo ziwiri."

Mayo ine! Chimodzi chinadya munda wa a Dickson, nanga ziwiri zisiya chiyani? M'mutu mwa a Nasakala zonse zinali zitaonekeratu: galimoto yaima kudambo, apolisi atsika, apeza mizere ya vwende la eni ake, kadimba kapita. Vitus anati mawa lake apita ku boma kukafunsa alangizi a zaulimi, popeza Chingerezi cha papepalapo chinali chokhotakhota. A Nasakala anangogwedeza mutu. Sanamve n'komwe.

Ndipo apa ine ndimakwiya naye Vitus mpaka lero. Inu ophunzira, mukamawerengera anthu mapepala, yambani mwamvetsa nokha musanathamange nawo ngati mwatola ndalama!

M'mawa mwake Vitus akukwera minibasi, a Nasakala anatsitsa chikho. Anapeta phulusa lonse pa lichero, anaika phale pamoto, n'kuthiramo njere. Kutaya sakanatha, chifukwa njere yotayidwa imamera, ndipo ikamera ndi umboni. Anakazinga phale loyamba, lachiwiri, lachitatu, misozi ikugwera pamoto. Mnzawo wa nyumba yoyandikana, a Esitele, anamva fungo n'kubwera akuseka kuti adzalaweko. Ataona chikho chili gada chopanda kanthu, anakhala pansi osayalirapo n'chitenje chomwe.

Vitus anabwerera dzuwa litapendeka, akumwetulira kuchokera kumsewu.

"Azakhali, nkhani yabwino! Alangizi aseka. Akuti pepalali likunena za njira yawo ija yochotsa kanthu n'kukalowetsa kwina, ya m'nyumba zawo zopimira, komanso likugwira ntchito kwawo komweko. Inu sizikukukhudzani. Bzalani mmene mumabzalira, gawirani amene mukufuna, palibe angakugwireni."

A Esitele anangoloza lichero. Vitus anatola njere imodzi, anaifinya, inaphwanyika n'kutuluka fungo la chokazinga. Anagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Zonse?"

"Zonse," anatero a Nasakala.

Sabata imeneyo mayiyo anayenda wapansi midzi yonse imene ankagawako mbewu, mpaka ku Kachebere kwawo. Anthu anadabwa kuona a Nasakala akupempha. Ena anati zawo anadya m'njala ya 2002. Ena anati zinafumbwa. Ambiri anangonena chilungamo kuti sankasunga, poti ankadziwa kotapa chaka chilichonse. Gogo wina anatulutsa kansanza komanga bwino, koma atamasula munali nthangala za maungu.

Atabwerako anakhala pakhonde ndi lichero lija. Anasankha njere imodziimodzi, kupatula zimene zinkaoneka kuti moto sunazifike kwenikweni. Anapeza zokwana mapando makumi anayi. Vitus anafuna kulankhula, a Esitele anamutsina kuti akhale chete.

Anakazibzala kudimba, anathira manyowa, anaphimba ndi udzu. M'mawa uliwonse ankatsika ndi kheni, kuthirira phando lililonse, kenako n'kugwada kusuzumira pansi pa udzu. Vwende limamera pasanathe masiku khumi, zimenezo ankazidziwa kuposa munthu aliyense m'Mchinji. Iwo anathirira milungu isanu.