Magetsi Ofuna Munthu Woyenda

Ntchito yamagetsi sindinaiphunzire kusukulu. Ndinalekeza kalasi yachinayi. Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, kumene ndinkalima kachewere ndi nyemba. Nkhondo itafika pamudzi, anzanga anawolokera ku Malawi. Ine ndinatsata mlamu wanga ku Macanga, yemwe ankalondera pachipatala china chaching'ono. Iyeyo ndiye anandionetsa kwa a Mesitiri Fabiyao, amisiri amagetsi okalamba amene ankafuna munthu wowanyamulira makwerero. Anandiyang'ana manja, nati, "Mawa ubwere." Ndinali bambo kale, wa ana awiri.

Anandiphunzitsa kusenda waya ndi alikate, chopanira chachitsulo, osadula timitsitsi tamkati, kupota mfundo, kukulunga fita, tepi yakuda yokutira waya. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangodula mfundoyo nkundipatsanso waya.

Chipatalacho chinali ndi koredoro, mpita wautali wa mapazi makumi awiri, ndipo kumapeto kwake kunali masitepe otsikira kuchipinda cha azimayi oyembekezera. Mawindo ake anawatseka ndi njerwa chifukwa cha zipolopolo. Masana mkati munali ngati m'nkhokwe. Mphamvu inkachokera kumapainelo awiri adzuwa apadenga ndi mabatire anayi, omwenso ankayendetsa firiji ya katemera. Anthu ankasiya nyale za mukoredoro zikuyaka, mabatire nkutha, katemera nkuwonongeka.

Chakumapeto kwa nkhondo kunabwera bokosi la chithandizo. Munali masensori awiri, tizipangizo toyatsa nyale tokha munthu akadutsa. Sabata yomweyo a Mesitiri anadwala nkukwera galimoto za asilikali kupita ku Tete. Ntchito inatsala kwa ine.

Ndinaigwira bwino, ndipo zimenezi sindibweza. Waya wofiira kuchoka kubatire, kudzera pafuzi, kulowa musensori. Kuchoka musensori kupita kunyale zitatu. Wakuda umodzi wobwerera. Sensori imodzi ndinailoza kukhomo lolowera, ina kumasitepe. Ndinazimanga pamwamba penipeni, pamene munthu sangafike popanda makwerero, kuopa manja a anthu. Kagudumu ka nthawi yoti nyale zikhale zikuyaka ndinakaika pamphindi imodzi. Switchi yakale ya pakhoma ndinaizula, chifukwa ndiyo inkatha mabatire. Ndinayesa. Ndinayenda uku ndi uku kakhumi, nyale zinayaka kakhumi. Akulu a chipatala anati, "Iwe ndiwe mesitiri tsopano."

Patapita masabata atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, thirakitala yonyamula chimanga ndi anthu inaponda bomba lokwirira pamsewu. Ovulala anali oposa mabedi. Anawagoneka pansi mukoredoro, mbali zonse ziwiri. Ine ndinali padenga, ndikupukuta mapainelo. Mlamu wanga anakuwa kuti nditsike.

Nditalowa, nyale zinayaka. Pakati pa koredoro namwino wamkulu, a Rozita, anali atagwada pa mwamuna wina woduka mwendo pamwamba pa bondo. Manja awo onse awiri anali m'balamo.

"Magetsi akowa akuzima," anatero osandiyang'ana. "Mtsempha ndinaugwira. Wandipulumuka kawiri mumdima."

Ndinamvetsa pomwepo. Masensori ankaona khomo ndi masitepe. Pakati sankaona. Ndipo onse anali m'menemo anali ogona, kapena ogwada, osasuntha.

Kulumikiza waya modumpha sensori ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Ndinathamangira makwerero. Poimika panalibe. Pansi pa sensori iliyonse panagona anthu, wina wothyoka msana, amene a Rozita analetsa kumusuntha. Switchi inali m'bokosi langa, yopanda waya. Ndinaona kuti njira ndi imodzi: kukoka waya watsopano kuchoka kuchipinda cha mabatire, kudutsa kudenga, mpaka kunyale yapakati. Theka la ola.

"Wina aziyenda pakhomopo," ndinatero. "Asaime."

Mlamu wanga ndi anamwino awiri anali kunyamula ena panja. Wamiyendo yabwino anali mmodzi, mkazi wa mwamuna woduka mwendoyo. Anali atakhala pansi, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo pake.

"Mayi, dzukani. Muziyenda apo pakhomo."

"Ndiwasiye?"

"Mukakhala, kuda."

Anavula mpango wakumutu, naupinda, nautsamiritsa mwamunayo. Anapita kukhomo nayamba kuyenda. Mapazi atatu uku, mapazi atatu uko. Nyale sizinazimenso.

Ndili m'denga ndinkamva zonse kudzera m'matabwa. Mwamunayo ankaitana, "Nabanda. Nabanda, uli kuti?" Mkaziyo ankayankha ali pakhomo, "Ndili pano, bambo a Zefa. Ndikubwera." Mapazi ake sanaleke. Mwamunayo anaitananso kangapo. Kenako ndinkangomva mapazi.

Ndinalumikiza waya, ndinakulunga fita, ndinatsika. A Rozita anali atasamukira kale kwa munthu wina. Mwamunayo anali atamufunditsa chitenje kumaso. Palibe amene anauza mkaziyo. Anali akuyendabe.

Atandiona anafunsa, "Abambo, ndiime tsopano?"

Ndinati, "Imani."

Sindinalire, sindinapepese. Ndinatola alikate ndi fita, ndinabweza makwerero pamalo pake. Madzulo ndinadya. A Rozita anandiuza pambuyo pake kuti magazi anali atatayika ambiri munjira, kuti mwina akanapitabe. Mwina. Koma akanapita mutu uli pamiyendo ya mkazi wake.

M'mawa mwake ndinabwezera switchi pakhoma, pofika phewa la munthu, yolumikiza modumpha masensori onse. Ndinasuntha sensori imodzi kuti iziona pakati. Nthawi ndinaiika pamphindi zisanu. Za mabatire ndinapeza njira ina.

Kuchokera pamene nkhondo inatha ndaika masensori ambiri, m'makoredoro ndi m'masitepe a nyumba zogonamo anthu ambiri, ku Furancungo, ku Tsangano, mpaka ku Tete. Paliponse ndimaika switchi yamanja. Mwini nyumba akakana, ndimanyamula bokosi langa, akafune wina. Ndipo ndikamaliza sindiyesa poyenda, chifukwa woyenda amaoneka ndi sensori iliyonse. Ndimakhala pansi pakati pa koredoro, msana kukhoma, osagwedezeka, mpaka kuzime. Ndili pansi pomwepo ndimatukula dzanja limodzi. Kukapanda kuyaka, ndimamasula zonse nkuyambiranso.

Eni nyumba ena amaseka akandipeza nditakhala pansi mumdima. Amafunsa ngati ndatopa. Ine ndimangotukula dzanja.